Miyendo ya pa Chiromo ndi Nambala Yobiriwira ya ku Durban

M'chaka cha 1891, pamene Angerezi ankakhazikitsa boma lawo m'dziko muno, khomo lolowera linali pa Chiromo, pomwe Ruo amathira madzi ake mu Shire. Sitima zapamadzi zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkakocheza pamenepo. Panali ofesi ya kasitomu ndi nyumba zosungiramo katundu, ndipo imodzi mwa mapositi ofesi oyambirira m'dziko lino inatsegulidwa pomwepo chaka chomwecho. Madzi a Shire akachepa, sitima zinkalephera kukafika kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, choncho katundu ankatsitsidwa pa Chiromo. Kuchokera apo zonse zinkayenda pamutu pa munthu.

Amtengatenga ankasenza mitolo ya makilogalamu pafupifupi 25: nsalu, mchere, malata, zitsulo za makina, mabokosi a amishoni. Ankanyamuka m'chigwa chotentha n'kukwera zitunda za ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo pobwerera ankatsika ndi matumba a khofi, amene masiku amenewo ndiye anali mbewu yodalirika ya azungu a minda ya kumtunda. Ambiri ankalowa ntchitoyi kuti apeze ya msonkho wa nyumba. Pambali pawo panali onyamula mtokoma, anyamata opepuka miyendo amene ankathamangitsa matumba a makalata kuchoka pa positi ofesi ina kukafika pa ina, kudutsa m'tchire momwe nthawi imeneyo munali mikango. Munthu wotere sankayenda ulendo umodzi n'kukhala pansi. Ankapita, kubwera, n'kupitanso, chaka ndi chaka, mpaka mawondo atakana. Kalaliki wa kampani ankalemba kuchuluka kwa mitolo ndi malipiro ake. Zoti uje wakwera chitunda chimenechi kakhumi kapena kazana sinali nkhani yolowa m'buku.

Anthu amenewa ndawatchula m'nkhani ya mipikisano ya liwiro chifukwa ulemu wa wothamanga ulipo wa mitundu iwiri. Pali mphotho ya amene wafika poyamba: chikho, envelopu ya ndalama, chithunzi m'nyuzipepala. Kuti imeneyi iperekedwe pamangofunika maso a tsiku limenelo. Pali inanso, ya munthu amene wamaliza mpikisano uno, n'kukamalizanso wina, n'kubweranso chaka chamawa, akudziwa bwino kuti woyamba sadzakhalapo. Yachiwiriyi siitheka popanda wina wosunga kaundula kwa zaka zambirimbiri. Ndiyo imandigwira mtima ine, ndipo mbiri yake kum'mwera kuno kwa Africa inaphukira m'nkhondo imene makolo athu anasenzamo katundu.

Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, ndipo inaolokera Shire pa Chiromo pomwepo. Amtengatenga a njira imeneyi anapumako, koma mpumulowo sunakhalitse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu 1914, ndipo mu September chaka chomwecho mfuti zinalira ku Karonga. Katundu wa gulu lankhondo la General Edward Northey ankalowera ku Chinde, kukwera sitima ya pamtunda kudutsa pa Chiromo, kuoloka nyanja, ndipo kumpoto kwa nyanjako, kumene kunalibe njanji, ankabwereranso pamutu pa munthu. Olemba mbiri amati amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwirapo ntchito ya mtengatenga m'nkhondo imeneyo, kuwonjezera pa asilikali pafupifupi 19,000. Ochuluka anatengedwa mokakamiza, ndipo njala, kamwazi ndi chibayo zinapha ambiri kuposa chipolopolo. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya kumapeto kwa 1914 kuti anthu akuda akukhetsa mwazi pa nkhondo ya eni ake. Panapita zaka zoposa 100 kuti bungwe la Commonwealth War Graves Commission livomereze poyera, mu 2021, kuti anthu oposa 100,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu.

M'nkhondo yomweyo, m'dziko limene lero ndi Tanzania, munali msilikali wa ku South Africa dzina lake Vic Clapham, amene kwawo ankagwira ntchito ku njanji. Gulu lake linayenda pansi makilomita oposa 2,000 kulondola asilikali a Paul von Lettow-Vorbeck. Atabwerera kwawo anafuna chikumbutso cha anzake amene anatsala m'tchire, koma chipilala cha miyala sichinam'khutiritse. Iye ankafuna kuti amoyo azilawako ululu wa ulendo wa pansi chaka chilichonse. Anapempha bungwe la asilikali akale la League of Comrades of the Great War kuti limulole kukonza mpikisano wochoka ku Pietermaritzburg kukafika ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Anam'kanira kangapo poganiza kuti thupi la munthu silingapirire, mpaka mu 1921 analola, n'kumubwereka paundi imodzi yoyendetsera zinthu. Pa 24 May 1921 anthu 34 ananyamuka m'mamawa, ndipo 16 anafika. Woyamba anali Bill Rowan, amene anatenga maola 8 ndi mphindi 59. Umu ndi momwe unabadwira mpikisano wa Comrades Marathon.

Apa pali chinthu chimene chimandiwawa nthawi zonse ndikachiganizira. Mpikisano wokumbukira kuzunzika kwa ulendo wa pansi m'nkhondo ya kum'mawa kwa Africa unali wa amuna achizungu okha. Amene anayenda ulendo womwewo ndi bokosi la zipolopolo pamutu, opanda nsapato, akanati afike pamzere woyambira akanabwezedwa.

Kuyambira pachiyambi penipeni, Comrades unali ndi chinthu chimene chinkaitana munthu kuti abwerenso. Chaka china amatsika kuchoka ku Pietermaritzburg kupita kunyanja ku Durban, chaka chotsatira amakwera kuchoka ku Durban kubwerera kumtunda. Msewu ndi womwewo, zitunda zake zisanu zotchuka ndi zomwezo, Cowies, Fields, Botha's, Inchanga ndi Polly Shortts, koma maulendo awiriwa safanana. Wokwera amathera mphamvu m'chifuwa, wotsika amathera m'ntchafu ndi m'mawondo. N'chifukwa chake othamanga akumeneko amati amene wayenda mbali imodzi yokha sanaudziwe mpikisanowo. Arthur Newton, mlimi wa ku Natal amene anayamba kuthamanga mwakhama ali pafupi ndi zaka 40, anapambana kasanu m'zaka za m'ma 1920, kukwera ndi kutsika komwe, ndipo kuyambira pamenepo funso lofunsana linakhala lakuti wathamanga kangati. Mendulo yake ndi kanthu kakang'ono, mamilimita 29 m'mimba mwake, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni chiyambire 1921. Pamenepo pali chithunzi cha Hermes, amene Agiriki akale ankati ndi mthenga wa milungu yawo, wamapiko kumapazi.

Amene anali kunja kwa lamulo sanadikire kuti aitanidwe. Mu 1923 mayi wina, Frances Hayward, anathamanga popanda chilolezo n'kumaliza m'maola 11 ndi mphindi 35, nthawi yotsekera ya masiku amenewo isanathe. Mendulo anam'mana. Anzake othamanga ndi anthu oonerera anasonkherana n'kumugulira ziwiya zasiliva zomwera tiyi. Mu 1935 Robert Mtshali, mnyamata wachikuda, anachita chimodzimodzi ndipo anamaliza m'maola 9 ndi theka, patsogolo pa ena amene analandira mamendulo tsikulo. Dzina lake silinalowe pamndandanda wa omaliza. Khomo linatsegukira amayi ndi anthu akuda mu 1975, patapita zaka 54 mpikisanowo uli mkati. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pofika chaka chimenecho panali azungu amene anali atasonkhanitsa kale mamendulo 20 ndi kupitirira, pamene wakuda aliyense ankayambira pa imodzi. Vincent Rakabaele wa ku Lesotho ndiye anali wakuda woyamba kulandira mendulo movomerezeka chaka chimenecho. Mu 1981 Bruce Fordyce anapambana atamanga kansalu kakuda pamkono, kutsutsa zoti mpikisanowo ukhale mbali ya chikondwerero cha boma latsankho, ndipo ena m'mbali mwa msewu anamukuwiza. Anapambana kasanu n'kanayi. Mu 1989 Sam Tshabalala anakhala wakuda woyamba kupambana. Tsiku lomwelo Frith van der Merwe anakhala mayi woyamba kutsika msewuwo pasanathe maola 6, ndipo nkhalamba Wally Hayward, amene anapambana koyamba mu 1930, anamaliza ali ndi zaka 80, kutatsala mphindi ziwiri zokha kuti mfuti yotsekera ilire.

Kufikira chaka cha 2000 mamendulo anali atatu basi: golide wa anthu 10 oyambirira, siliva wa amene afika pasanathe maola 7 ndi theka, ndi mkuwa wa ena onse. Koma khamu la othamanga linali litakula kufika zikwizikwi, ndipo ambiri mwa iwo amafika m'maola awiri omalizira. Munthu wofika pa maola 8 ndi wofika pa maola 11 ankalandira chinthu chofanana, ndiye pakati ponsepo panalibe chokokera munthu kuti achite bwino kuposa chaka chatha. Okonza anayamba kuika makwerero. Mu 2000 anabweretsa mendulo ya Bill Rowan ya amene afika pasanathe maola 9, kukumbukira nthawi ya wopambana woyamba uja. Mu 2003 anawonjezera ola limodzi pa nthawi yotsekera, kuchoka pa 11 kufika pa 12, n'kupanga mendulo ya kopa ya Vic Clapham ya ofika m'ola lomalizalo. Mu 2007 kunabwera ya Wally Hayward, ya amene aphonya golide koma afika pasanathe maola 6. Ndipo mu 2019, patatha zaka 84, anapanga mendulo ya Robert Mtshali ya ofika pakati pa maola 9 ndi 10, ndendende nthawi imene iye anathamanga. Chaka chomwecho amayi analandira yawo ya Isavel Roche-Kelly. Mtshali mwiniwake sanaione mendulo imeneyo. Kuchedwa kotere sikufafaniza cholakwa, komabe ndimaona kuti kukonzako kunatheka chifukwa nthawi yake inasungidwa penapake ngakhale eni mpikisano anaikana. Chaka chilichonse tsopano anthu zikwi amapita kwawo dzina lake lili pakhosi.

Onsewa ndi mamendulo a tsiku limodzi. A kubwereranso ndi awiri. Woyamba anayamba mu 2005, ndipo amaperekedwa kwa munthu amene wamaliza ulendo wake woyamba n'kudzamalizanso wachiwiri chaka chotsatira chomwe, osadumphitsa. Amalandira mamendulo awiri tsiku limodzi, ya nthawi yake ndi iyi yapaderayi. Mwayi wake ndi umodzi pa moyo wonse: ukadumphitsa chaka, wapita. Nzeru yake njoonekeratu. Munthu akamaliza Comrades koyamba amalumbira kuti sadzabwererakonso, zala zakumapazi zitatupa, masitepe akutsika chafutambuyo kwa sabata yathunthu. Okonza anadziwa kuti akam'gwira chaka chachiwiricho, am'gwira kwa zaka zambiri.

Winayo si mendulo konse, ndipo ndiye wamkulu kuposa onse. Ndi nambala. Wothamanga aliyense amavala nambala pachifuwa ndi kumsana, ndipo pamenepo pamalembedwa dzina lake ndi kuchuluka kwa maulendo amene anamaliza. Amene wamaliza kasanu n'kanayi ndipo akuyesa kachikhumi amavala yachikasu, kuti aliyense m'njira adziwe chimene chili pamtima pake tsikulo. Anthu a m'mbali mwa msewu akamuona amam'chemerera pomutchula dzina, ndipo othamanga anzake amam'kokera kutsogolo akayamba kufooka. Akafika, amam'tengera pambali n'kumupatsa nambala yake yobiriwira, yosokedwa pansalu. Kuyambira tsiku limenelo nambalayo ndi yake mpaka kalekale. Ngakhale atamwalira siipatsidwa kwa mlendo. Njira zina zoipezera ndi kupambana katatu kapena kutenga golide kasanu, monga Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe amene anapambana mu 2009, 2010 ndi 2011. Koma ochuluka mwa eni nambala zobiriwira ndi anthu wamba amene sanayandikirepo golide: aphunzitsi, anamwino, alonda, oyendetsa mataxi. Pali ena amene anafika maulendo 20, 30, ngakhale 40, monga Barry Holland ndi Louis Massyn amene anayamba m'ma 1970. Kansalu kameneka ndalama zake n'zochepa kwambiri. Chimene chimakapatsa mtengo ndi zaka khumi za kudzuka mbandakucha, ndi kaundula amene sanaiwale ngakhale chimodzi mwa zakazo.

Ulemuwu umalemera chifukwa pali malire osapindika. Maola 12 akamakwana, mkulu wa mpikisano amaima pamzere womalizira, kufulatira othamanga kuti asaone nkhope zawo, n'kuomba mfuti. Amene watsala ndi phazi limodzi salandira kanthu ndipo ulendo wakewo suwerengedwa. Anthu amagwa pamenepo akulira, ena atakwawa mamita omalizira. Ena amati n'kuuma mtima. Ine ndimati popanda mfuti imeneyo nambala yobiriwira ikanakhala mphatso ya aliyense wolipira ndalama yolembetsera.

Nanga Amalawi ali pati m'mbiri imeneyi? Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino, a m'chigwa cha Shire omwe, ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analiko oposa 100,000 m'migodi. Migodi imeneyo inali ndi mabwalo ndi makalabu a masewera, ndipo othamanga akuda ambiri otchuka a ku South Africa anatulukira kumeneko. Koma mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi. Choncho pamene Comrades unkatsegulira anthu akuda khomo mu 1975, Amalawi anali paulendo wobwerera kwawo. Mbadwo umene uliko lero ndi wina: ogwira ntchito m'minda ya maluwa, m'nyumba, m'mashopu ndi m'magalaja a ku Durban, Johannesburg ndi Cape Town. Wotere akafuna kuthamanga Comrades amayenera kulembetsa miyezi ingapo nthawi isanakwane, kulipira, ndi kumaliza kaye mpikisano wa makilomita 42 m'nthawi yoikika kuti aloledwe. Kwa munthu amene malipiro ake amagawana ndi abale kumudzi, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo amafuna kukonzedwa kawirikawiri, kufika pa maulendo khumi n'kovuta kuposa mmene kulili kwa nzika. Ku Cape Town kuli mpikisano wa Two Oceans, wa makilomita 56, umene unayamba mu 1970, ndipo nawo umapereka nambala yosatha kwa womaliza kakhumi, yawo ndi yabuluu. Mumzinda womwewo ndi momwe Edson Kumwamba wa ku Mulanje anadziwikira pothamanga m'mapiri, atapitako kukagwira ntchito ngati anzake onse, mpaka anayamba kuitanidwa ku mipikisano ya kutsidya kwa nyanja.

Dziko lonse latengera nzeru yomangirira mipikisano pamodzi. Mu 2006 mipikisano ikuluikulu ya Boston, London, Berlin, Chicago ndi New York inagwirizana kukhala gulu limodzi la World Marathon Majors. Tokyo inalowa mu 2013, ndipo kuyambira 2016 womaliza yonse isanu ndi umodzi amalandira mendulo yaikulu ya Six Star, yokhala ndi zizindikiro za mizinda yonseyo. Ndi yokongola, ndipo amene ali nayo anaikhetsera thukuta. Koma mwa mizinda isanu ndi umodziyo mulibe wa mu Africa, chikhalirecho opambana ake ambiri amachokera ku Kenya ndi ku Ethiopia. Wothamanga wamba amafunika matikiti a ndege, ma visa a mayiko anayi, malo ogona ndi mwayi wa maere olowera. Mendulo imeneyi imayesa miyendo ndi thumba pamodzi. Nambala ya ku Durban imafuna msewu umodzi ndi kuleza mtima, ndipo n'chifukwa chake ili pafupi ndi ife.

Kwathu kuno mpikisano umene uli ndi mzu wozama kwambiri ndi wa pa phiri la Mulanje, umene unayamba m'zaka za m'ma 1990. Poyamba unali wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri ndi owalondolera njira, ndipo dzina lakuti Porters' Race linachokera pamenepo. Amanyamukira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula, mtunda wa makilomita opitirira 20 umene mlendo wamba amayenda tsiku lonse kapena awiri, koma iwo amaudula m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense, amayi ndi alendo omwe, ndipo umachitika m'nyengo yozizira ya July. Kumwamba anayambira pamenepo. Mpikisano umenewu ndimaulemekeza mwapadera chifukwa ndi malo amodzi amene wosenza katundu wa wina anaitanidwa kuti atule mtolowo, athamange m'dzina lake, anthu n'kumuombera m'manja. Ruo, amene amathira mu Shire pa Chiromo, amachokera pa phiri lomweli.

Tilinso ndi mpikisano wa makilomita 42 wa mumzinda wa Blantyre ndi ina ya makilomita 21, 10 ndi 5 imene makampani amathandiza m'mizinda yathu. Tinatulutsapo Catherine Chikwakwa, amene anatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004, ndi Mike Tebulo, amene anatiimira pa marathon ya Olympics ku London mu 2012. Miyendo ilipo. Chimene ndimaona chikuperewera ndi chikumbumtima cha mipikisano yathu. Mwambo wathu wopereka mphotho umathera pa atatu oyambirira, kapena khumi zikakoma: cheke chachikulu cha katoni, mlendo wolemekezeka, zithunzi. Ena onse amalandira malaya, botolo la madzi, mwina mendulo ya tsikulo, n'kubalalika. Chaka chamawa wothandiza akasintha, dzina la mpikisano limasintha, mndandanda wa chaka chatha umatsala m'kompyuta ya munthu amene anachoka ntchito. Mayi amene wamaliza chaka chilichonse kwa zaka zisanu ndi zitatu amaima pamzere woyambira ngati mlendo, nambala yake yosasiyana ndi ya amene wabwera koyamba. Sindikunyoza ndalama ya wopambana. Kwa wothamanga wa kumudzi ndalama imeneyo ndi feteleza ndi fizi ya ana, ndipo iyenera kukwera. Koma mpikisano umene umangoona oyamba umalera anthu khumi, pamene umene umawerenga obwereranso umalera mazana, ndipo mwa mazanawo ndi momwe oyamba a mawa amachokera.

M'chigwa cha Shire nkhaniyi ili ndi zovuta zakezake. Kutentha kwa October ndi November kumapitirira madigiri 40, kotero mtunda wautali ungathamangidwe m'miyezi ya June ndi July yokha, kunja kusanache. Madzi a 1997 anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu anawatcha Mtayamoyo, ndipo kwa zaka zambiri anthu a kutsidya, kwa Mlolo, akhala akuoloka pa bwato. Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 anasesa nyumba, minda ndi masukulu ku Makhanga ndi midzi yozungulira. Mwana wa kumeneko amene amaposa anzake pa mipikisano ya sukulu amafika pa zoni, mwina pa boma, ndipo nkhani yake imathera pomwepo. Blantyre ndi patali, osati chifukwa cha makilomita, koma chifukwa cha ndalama ya basi ndi pogona.

Chonsecho chigwachi chili ndi msewu umene ukufanana ndi wa ku Natal kuposa wina uliwonse m'dziko muno. Kuchoka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kudutsa pa Thabwa, msewu umakwera mokhotakhota mpaka kukafika ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Aliyense amene anakwerapo minibasi pamenepo amadziwa mmene injini imalirira pokwera ndi mmene mabuleki amanunkhira potsika. Chaka china kukwera, chaka china kutsika, ndi chizindikiro chapadera cha amene wamaliza mbali zonse ziwiri motsatizana: zimenezi sizifuna luso lochokera kunja. Kumunsi kuli misewu yosalala ya pakati pa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, yoyenera mitunda yaifupi imene mwana wa sekondale, wakabaza ndi mayi wogulitsa nsomba za ku Elephant Marsh angathamange popanda kulipira ulendo wautali. Mipikisano itatu yotere m'nyengo imodzi yozizira, m'misika itatu yosiyana, ndi ulemu woperekedwa kwa aliyense womaliza yonse itatu, ndi zinthu zimene aphunzitsi a masewera, mafumu ndi ofesi ya zamasewera ya pa boma angakwanitse atagwirizana.

Gawo lovuta ndi kaundula, ndipo m'dera la madzi osefukira buku limodzi silikwanira. Pafunika lina kusukulu, lina pa boma, ndi zithunzi za masamba ake m'mafoni a anthu angapo, kuti likanyowa limodzi ena atsale. Mulembedwe dzina lonse, mudzi, mfumu yaikulu, chaka, mtunda ndi nthawi, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza amene wafika nthawi isanathe. Amene walephera alembedwenso padera, chifukwa chaka chamawa adzafuna kudziwa pamene analekera. Wosunga bukulo asakhale wothandiza ndi ndalama, poti othandiza amabwera n'kupita, koma komiti ya eni dera imene imasiyirana udindo poyera. Zaka khumi kwathu kuno n'zambiri kwa mnyamata amene mwina apita kukafuna ntchito ku Blantyre kapena ku Joni, choncho chizindikiro choyamba chingabwere pa maulendo atatu, chachiwiri pa asanu, nambala yosatha pa khumi. Nsalu yake telala wa pa msika wa Bangula akhoza kuisoka tsiku limodzi.